Mapasa a pa ndalama ya mkuwa

Pali ndalama ina ya Aroma imene ndikaiona pa chithunzi ndimachedwa nayo kuposa zina zonse. Ndi ya mkuwa, yaikulu, ya mtundu umene iwo ankautcha sestertius. Mbali imodzi kuli nkhope ya mayi, tsitsi lake lapesedwa n'kumangidwa kunkhongo, ndipo mozungulira mwalembedwa FAVSTINA AVGVSTA. Ukaitembenuza supeza mfumu pa hatchi kapena mdani wogwada. Upeza mpando waukulu woyalidwa nsalu, pampandopo pali makanda awiri. Pa zina mwa ndalamazi khanda lililonse lili ndi kanyenyezi pamwamba pa mutu. Mawu ake ndi SAECVLI FELICIT, kulengeza kuti nyengo ino ndi ya mwayi. Makandawa ndi mapasa amene anabadwa pa 31 Ogasiti 161 AD ku Lanuvium, kufupi ndi Roma: Commodus ndi Antoninus, ana a mfumu Marcus Aurelius ndi mkazi wake Faustina Wamng'ono. Antoninus anamwalira ali ndi zaka zinayi. Ndalamayo inayendabe m'misika zaka zambirimbiri, ikuonetsa ana awiri.

Boma lolamulira kuchokera ku Britain mpaka ku Syria ndi Egypt linaona kuti n'kofunika kuuza anthu ake, pa ndalama yogulira buledi, kuti mkazi wa mfumu akubereka. Zimenezo zokha zimandidabwitsa. Koma chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti pa ndalamazi ankawerenga ana amoyo okha. Ukazindanditsa chaka ndi chaka, pambali pake n'kuika mayina a ana amene anakwiriridwa, umamva nkhani imene osula ndalamawo sanatumidwe kufotokoza.

Mkuwa unali ndalama ya munthu wamba. Ya golide, aureus, inkasinthidwa ndi ma denarius 25 a siliva. Denarius imodzi inali ma sestertius 4, ndipo sestertius imodzi inali ma as 4. Pakati pake panali dupondius, ya ma as 2. Anakhazikitsa dongosololi ndi mfumu Augustus cha m'ma 23 BC. Sestertius ndi dupondius ankazisula ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, wachikasu, wonyezimira ukadali watsopano, pamene as inali ya mkuwa wofiira. Kubiriwira kapena kuda kumene timaona lero kwadza ndi kukhalitsa m'nthaka. Msilikali wa m'nthawi ya Marcus Aurelius ankalandira ma sestertius 1,200 pa chaka. Pa khoma la nyumba ina yomweramo ku Pompeii analembapo kuti ndi as imodzi umwa vinyo wamba, ndi ziwiri umwa wabwinoko, ndi zinayi umwa wotchuka uja wa Falernum. Ngakhale mpheta ziwiri za pa Mateyu 10:29 mtengo wake ndi kandalama komweka. Ndalama zimenezi zinkadutsa m'manja mwa wophika buledi, kapolo wotumidwa kumsika, mayi wogula mafuta a nyale.

Sestertius inkalemera magalamu pafupifupi 25, ndipo m'mimba mwake inkapitirira masentimita atatu. Kukula kumeneku kunkampatsa malo mmisiri wozokota chidindo, moti pa mkuwa ankatha kujambulapo mayi ndi ana asanu ndi mmodzi, aliyense n'kumaoneka bwino. Iliyonse inkasulidwa pamanja: chidutswa cha mkuwa pakati pa zidindo ziwiri, nyundo n'kumenya. Pafupifupi zonse zosulidwa ku Roma zili ndi zilembo S C, kusonyeza kuti zatuluka movomerezedwa ndi Seneti, bwalo la akuluakulu a dziko. Kunalibe nyuzipepala yofika kumidzi ya ku Gaul kapena kumisasa ya asilikali pa mtsinje wa Danube, koma ndalama inkafika. Amalawi izi si zachilendo kwa ife. Pamene kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971, mayina onse awiri anachokera ku ndale za nthawiyo, ndipo wogwira kakobidi kokhala ndi tambala ankadziwa kuti tambalayo ndi wa ndani.

Nkhawa ya ana inayamba ndi Augustus yemweyo. Mu 18 BC, ndiponso mu 9 AD, anakhazikitsa malamulo okakamiza anthu, makamaka olemera, kulowa m'banja ndi kubereka. Mbeta sinkaloledwa kulandira chuma chamasiye kuchokera kwa munthu amene si mbale wake wapafupi. Wapabanja koma wopanda mwana ankalandira theka. Mayi mfulu wobereka ana atatu ankamasulidwa ku ulamuliro wa mwamuna womuyang'anira pa nkhani za chuma, ndipo amene anali kapolo n'kumasulidwa ankafunika ana anayi. Lamulo la mu 9 AD linatenga mayina a akuluakulu awiri, Papius ndi Poppaeus, amene onse analibe mkazi, analibe mwana. Augustus mwiniyo anali ndi mwana mmodzi, Julia. Zidzukulu zake ziwiri zimene ankazikonzekeretsa ufumu, Lucius ndi Gaius, zinamwalira mu 2 AD ndi 4 AD, ndipo mpando unagwera Tiberius, mwana womupeza.

Mu ulamuliro wa Tiberius m'mene munatuluka ndalama ya mkuwa yoyamba imene ndimaiika mu mzere uwu. Mu 19 AD mwana wake Drusus anaona mapasa aamuna, ndipo Tiberius, munthu wosakonda kuonetsa chimwemwe, anadzitama pamaso pa Seneti kuti palibe Mroma wa udindo wotere amene anakhalapo ndi mapasa. Cha m'ma 22 ndi 23 anasula sestertius yokhala ndi nyanga ziwiri zopingasana. Nyanga yodzaza zipatso ndi tirigu inali chizindikiro chawo cha chonde ndi kukhuta. Pa ndalama iyi, pakamwa pa nyanga iliyonse pakutuluka mutu wa mwana, ngati kuti ana a nyumba yachifumu ndiwo zokolola za dziko. Dzina la bambo lilipo ndi maudindo ake onse. La mayi wawo, Livilla, palibe. M'chaka cha 23 chomwecho Drusus anamwalira, mmodzi mwa mapasa aja n'kumutsatira. Wotsalayo, Tiberius Gemellus, anakula kufika paunyamata, kenako Caligula atalowa ufumu mu 37 anamukakamiza kudzipha.

Mu 63, Poppaea mkazi wa mfumu Nero atabereka mwana wamkazi, Seneti inalamula kuti amange kachisi wa Fecunditas, mulungu wamkazi wa kubereka. Mwanayo sanakwanitse miyezi inayi. Poppaea anamwalira mu 65 ali ndi pakati pena, ndipo Nero anadzipha mu 68 osasiya wolowa m'malo. Zimene zinatsatira ndi zimene zimandiletsa kuona ndalamazi ngati kudzitama chabe. M'chaka cha 69 anthu anayi anakhala pa mpando motsatizana, aliyense ndi gulu lake la nkhondo. Mzinda wa Cremona unafunkhidwa n'kutenthedwa, ndipo kachisi wamkulu wa Jupiter pa phiri la Capitol ku Roma anapsa. Mlimi wa kumpoto kwa Italy amene agogo ake anaona asilikali akudya nkhokwe zawo anali ndi chifukwa chenicheni chofunira kudziwa ngati kunyumba yachifumu kuli mwana. Khanda pa ndalama linali lonjezo lakuti mfumu ikafa sipakhala kuphana.

Kenako, kuyambira mu 96, panadutsa nyengo yaitali mafumu alibe ana aamuna owalowa m'malo. Nerva anasankha Trajan. Trajan ndi mkazi wake Plotina analibe mwana, Hadrian ndi Sabina chimodzimodzi. Ana aamuna a mfumu yotsatira, Antoninus Pius, anamwalira iye asanalowe ufumu, ndipo amene anakhalitsa ndi mwana wamkazi mmodzi, Faustina. Mu 145, ali ndi zaka pafupifupi 15, anamukwatitsa kwa Marcus Aurelius, msuweni wake, amene Antoninus anali atamutenga kukhala mwana wake. Pa 30 Novembala 147 Faustina anachira mwana woyamba, wamkazi. Kutacha, pa 1 Disembala, iye anapatsidwa dzina laulemu la Augusta, ndipo mwamuna wake anapatsidwa mphamvu zimene zinamuika pafupi ndi mfumu. Tsiku limeneli limanena zambiri. Marcus anali ataphunzitsidwa ndi kuyesedwa zaka zambiri, koma chimene chinatsegula chitseko ndi kulira kwa khanda. Mtsikana wa zaka pafupifupi 17 anasenza tsogolo la ufumu wonse m'thupi mwake, ndipo anapitiriza kulisenza mpaka cha m'ma 170. Olemba mbiri amawerenga ana 13 kapena 14.

Osula ndalama anamutsatira mwana ndi mwana. Cha m'ma 149 nyanga zopingasana zija zinabwereranso pa sestertius ya Antoninus Pius, ndi mitu iwiri ya ana ndi mawu akuti TEMPORVM FELICITAS. Pa ndalama za Faustina mwini pali Juno Lucina, mulungu amene amayi ankamuitana pa nthawi yochira. Pali Venus Genetrix, kholo la mtundu. Ndipo pali Fecunditas. Pa imodzi yolembedwa FECVND AVGVSTAE, mayi waima atanyamula makanda awiri, kumanja ndi kumanzere, ndipo atsikana awiri aima pambali pake atakweza manja. Pa ina, TEMPOR FELIC, ana afika asanu ndi mmodzi: awiri m'manja, anayi kumiyendo. Katswiri wina wa ku Germany, Klaus Fittschen, analemba mu 1982 kuti makonzedwe a tsitsi la Faustina pa ndalama ndi pa ziboliboli ankasintha nthawi iliyonse akabereka, ndipo anapeza mitundu isanu ndi inayi. Akatswiri ena amamutsutsa pa zaka zake, koma kungoti maganizo otere ndi otheka kukusonyeza mmene nkhope ya mayiyu inamangiriridwira ku uchembere wake.

Mwa ana onsewo anakula ndi asanu ndi mmodzi okha: atsikana asanu ndi Commodus. Mwana woyamba uja, Domitia Faustina, amene kubadwa kwake kunakweza makolo ake, anamwalira ali wamng'ono. Dzina lake, ndi a alongo ake awiri amene anafa ali makanda, analembedwa m'manda aakulu a Hadrian, nyumba imene lero imatchedwa Castel Sant'Angelo. Annius Verus, mng'ono wake wa Commodus, anamwalira mu 169 ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, atamuchita opaleshoni ya chotupa cha pansi pa khutu. Ndalama ikakhala ndi ana anayi chaka china, asanu ndi mmodzi chaka chinzake, munthu angaganize kuti banja likungokula. Amene wachokapo sasiya mpata pa chithunzi. Mmisiri ankangozokota chidindo chatsopano.

Mapasa a mu 161 aja tili ndi mboni imene inawaona ali moyo. Fronto, mphunzitsi wakale wa Marcus, wochokera ku Cirta kumpoto kwa Africa, anakawazonda n'kulembera bambo awo kalata. Anati anapeza wina atagwira buledi woyera ngati mwana wa mfumu, wina atagwira buledi wakuda ngati mwana wa munthu wanzeru wodziletsa, ndipo anati mawu awo ang'onoang'ono anamukumbutsa mawu a bambo awo. Fronto mwiniyo anali ataika m'manda ana ake asanu. Ndikawerenga zimenezi, makanda a pampando aja amasiya kukhala chizindikiro cha boma. Amakhala ana awiri okhathamira ndi nyenyeswa, mmodzi mwa iwo atatsala ndi zaka zochepa. Marcus naye, m'zolemba zake zodzilangiza yekha, anabwereza malangizo a Epictetus, munthu wanzeru wachigiriki, akuti popsompsona mwana wako uzidziuza chamumtima kuti mwina mawa afa. Ena amati mawu amenewa ndi ouma mtima. Ine ndimamvamo bambo amene wapita kumanda kambirimbiri ndipo akufunafuna pogwira.

Za Faustina mwini tilibe mawu ake odalirika. Zimene tikudziwa ndi mmene kubereka kunalili m'dziko lake. Akatswiri amayerekeza kuti mwana mmodzi mwa anayi, kapena mwa atatu, ankamwalira asanakwanitse chaka, ndipo pafupifupi theka sankafika zaka khumi. Mwana wamkazi ankapatsidwa dzina pa tsiku lachisanu ndi chitatu, wamwamuna pa lachisanu ndi chinayi. Amayi olemera nawo sankapulumuka: Julia mwana wa Julius Caesar anamwalira pobereka mu 54 BC, Tullia mwana wa Cicero anamwalira atangobereka mu 45 BC. Ku manda a Isola Sacra, kufupi ndi Ostia, doko la Roma, kuli chithunzi choumba cha pa manda a mzamba wotchedwa Scribonia Attice. Mayi wakhala pa mpando woberekera atagwira zolimba m'mbali mwake, wina wamugwira kumbuyo, mzamba wakhala pa kampando patsogolo pake atatambasula dzanja. Chithunzi chimenechi ndi cha m'zaka zomwezo za Faustina. Pa ndalama, mayi amaima chilili, chovala chake chosakwinyika, ana ali kale m'manja. Faustina anakhala pa mpando ngati wa ku Ostia uja kopitirira kakhumi, ndipo zaka zake zomaliza kubereka zinakumana ndi mliri waukulu umene asilikali anabwera nawo kuchokera kum'mawa cha m'ma 165 ndi 166.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mimba yomweyo imene ankaitamanda pa mkuwa ndi imene anadzaiimba mlandu. Commodus atasanduka mfumu yankhanza yokonda kumenyana m'bwalo la masewera, olemba ena akale anafalitsa nkhani yakuti Faustina ankayenda ndi amalinyero ndi anthu omenyana m'mabwalo, ndiye kuti mwanayo sanali wa Marcus. Kunali kosavuta kudetsa mayi wakufa kusiyana ndi kuvomera kuti mfumu yanzeru inabereka ndi kulera mwana wotere. Marcus sanasonyeze kumukayikira. M'zolemba zake anathokoza milungu chifukwa cha mkazi womvera, wachikondi ndi wosadzikweza. Faustina anamutsatira kumisasa ya nkhondo ya ku Danube, kumene mu 174 anapatsidwa dzina lakuti mayi wa misasa, kenako ulendo wa kum'mawa. Anamwalira panjira cha kumapeto kwa 175, pamudzi wa Halala m'tsinde mwa mapiri a Taurus, ali ndi zaka pafupifupi 45. Mudziwo anausintha dzina kukhala Faustinopolis.

Pali malo amodzi pamene chithunzi cha ana chinabwera ndi chakudya chenicheni, ndipo n'koyenera kuwatchula. Trajan anakulitsa ndondomeko yotchedwa alimenta, ndipo anaiika pa ma sestertius ake ndi mawu akuti ALIM ITAL, mwana ataima pambali pa wamkulu. Boma linkabwereketsa ndalama kwa eni minda a m'matauni a ku Italy, ndipo chiwongoladzanja chake chinkapita kwa ana a m'tauni momwemo. Chimbale chachikulu cha mkuwa chimene chinapezeka ku Veleia mu 1747, ndipo chikusungidwa ku Parma, chili ndi mawerengero ake: ngongole ya ma sestertius 1,044,000, chiwongoladzanja cha 5 pa 100 iliyonse, anyamata 245 olandira 16 pa mwezi, atsikana 34 olandira 12. Mnyamata mmodzi wobadwa kunja kwa banja ankalandira 12, mtsikana mmodzi wotero 10. Atsikana ndi ochepa kwambiri ndipo akulandira zochepa, m'dziko limene linkadalira atsikana omwewo kuti adzabereke asilikali. Komabe ana 281 ankadya. Antoninus Pius anakhazikitsa thumba la atsikana okhaokha pokumbukira mkazi wake, mayi wa Faustina, ndipo Marcus anachita chimodzimodzi Faustina atamwalira. Pa zonse za m'nkhani ino, ichi ndi chimene ndimachilemekeza popanda kukayika.

Lonjezo la pa mpando wa mapasa linakwaniritsidwa mu 180: Marcus atamwalira, mwana wake womubereka analowa ufumu popanda nkhondo, chinthu chimene chinali chisanachitike kuyambira m'banja la mfumu Vespasian zaka 100 m'mbuyomo. Mmodzi mwa atsikana a pa ndalama zija anali Lucilla. Anakwatiwa ndi Lucius Verus, mfumu inzake ya Marcus, mu 164 ali wamng'ono ngati mmene analili mayi ake, ndipo naye anamusulira sestertius ya FECVNDITAS, mayi atakhala pansi, khanda pamiyendo, ana ena awiri pambali. Cha m'ma 182 anakhudzidwa ndi chiwembu chofuna kupha mlongo wake. Commodus anamuthamangitsira ku chilumba cha Capri n'kumuphetsa komweko. Iye mwini anapotoledwa khosi pa 31 Disembala 192, osasiya mwana. Mu Malichi 193 asilikali olondera mfumu anapha Pertinax, amene analowa m'malo mwa Commodus, n'kugulitsa mpando kwa Didius Julianus pa ma sestertius 25,000 msilikali aliyense. Nkhondo yapachiweniweni imene makanda aja ankayenera kuitchinga inabwera ndithu, ndipo inatha zaka zinayi.

Mafumu otsatira sanasiye chizindikirochi. Julia Domna, mkazi wa Septimius Severus, anakhala ndi Fecunditas pa ndalama zake, ndipo anali ndi ana aamuna awiri amene anakula, Caracalla ndi Geta. Mu Disembala 211 asilikali a Caracalla anabaya Geta atathawira m'manja mwa mayi ake. Julia Mamaea anakhala nayo pa sestertius, ndipo anaphedwa limodzi ndi mwana wake, mfumu Severus Alexander, mu 235. Pofika kwa Salonina, mkazi wa mfumu Gallienus, ndalama imene inkayenera kukhala ya siliva inali itasanduka mkuwa wongokutidwa siliva pamwamba, siliva wake wosafika magawo 5 pa 100. Kusula sestertius yolemera magalamu ambiri kunalibenso phindu, ndipo m'zaka za m'ma 260 inasiyidwa. FECVNDITAS AVG inapitiriza kudindidwa pa tindalama topyapyalato, ndi nkhope ya Salonina kumbali inayo. Mwana wake Valerian anamwalira mu 258, mwana wake wina Saloninus anaphedwa ku Cologne mu 260 ndi asilikali a kazembe woukira Postumus, ndipo Gallienus anaphedwa ndi akuluakulu a asilikali ake omwe kunja kwa Milan mu 268.